Mlendo akafika mu Blantyre tisamangomutsekera mu hotela

Akonzi,

Ndipatseniko kampata mu nyuzi yathuyi ndinene zimene zakhala zikundidya mumtima, zitalika pang'ono koma mundipirire. Ine ndine dalaivala wa takisi muno mu Blantyre, ndimakhala ku Chilomoni, ndipo ntchito yanga yambiri ndi yokatenga alendo ku Chileka kapena pa Wenela n'kukawatula m'mahotela ndi m'maloji a m'tauni muno. Ndisanagule kagalimoto kangaka ndinakhalako ku Johannesburg zaka 6, ku Joni komwe abale athu ambiri ali, ndinkaperekera zakudya mu hotela ina cha ku Rosebank. Ndiye nkhani ya alendo ndi mahotela sindikuchita kumvera kwa munthu ayi, ndaziona ndi maso angawa, kumeneko ndi kuno komwe.

Mwezi wathawu ndinatenga bambo wina wa ku Zambia, kwawo ndi ku Chipata koma amagwira ntchito ku Lusaka, anabwera ku wokishopu ya masiku atatu, za inshuwalansi kaya za mabanki, zinthu za anthu ophunzira zija. Wokishopu inatha Lachisanu madzulo koma ndege yake inali ya Lolemba, ndiye anali ndi Loweruka lonse ndi Lamulungu lonse opanda chochita. Loweruka m'mawa cha m'ma 9 koloko ndingomva foni, "ba dalaiva bwelani munitenge, nalema kunkala mu rumu." Nditafika ndinamupeza pa risepishoni akuseka, koma kuseka kwa munthu wokhumudwa kuja. Akuti anafunsa mtsikana wa pa desiki kuti kodi muno m'tauni muli chani choti mlendo angaone, mtsikana uja anayamba waganiza kaye, kenako n'kuyankha kuti mwina mupite ku mashopu akuluakulu aja bwana, apo ayi ku nyanja. Ku nyanja! Munthu ali pakatikati pa Blantyre iwe ukumutumiza ku Mangochi, ulendo wa maola atatu kapena anayi, ndi mafuta ake ano oti pena umachita kugonera pa mzere. Nanga mashopuwo, munthu wochokera ku Lusaka kumene kuli Manda Hill ndi East Park ukamuonetsako chani chachilendo? Mwanayo sindikumunena, ndi waulemu ndithu ndipo anayankha mmene anamuphunzitsira, anamuphunzitsa kupereka kiyi, kulemba lisiti ndi kutchula pasiwedi ya wifi basi, za mzinda umene hotelayo yakhalamo palibe anamuuzapo olo kamodzi. Dzina la hotela sinditchula chifukwa si iyo yokha, yankho lomweli makasitomala anga amalipeza kwina konse.

Ndinangoti bwana kwerani, lero muona Kabula.

Tinayambira pa Mishoni, pa tchalitchi cha St Michael and All Angels. Ambiri a ife timangochidutsa tili mu minibasi ya ku Chirimba kapena ku Chileka, maso ali pa foni, osadziwa kuti tikudutsa chimodzi mwa zomanga zodabwitsa kwambiri mu Africa muno. Anachimanga kuyambira 1888 mpaka 1891, amene ankatsogolera anali m'busa David Clement Scott, munthu woti sanaphunzire za mapulani a nyumba ngakhale pang'ono, ndipo amene ankaumba njerwa ndi kumanga anali makolo athu a konkuno, nawonso anali asanamangepo chinthu chotere chibadwire. Njerwa zake anaumba ndi kuotcha pomwepo. Bambo uja anatsika mu galimoto n'kuima chete, kenako anayandikira khoma n'kuyamba kusisita njerwa ndi dzanja ngati akusisita mwana. Mukaziyang'ana pafupi mudzaona kuti sizofanana, zina zamakona, zina zozungulira m'mphepete, zina zochita kusemedwa ngati zokongoletsera, amati zilipo mitundu 81, ndipo nsanja ziwiri za kutsogolo zija sizofanana, iyi ili ndi kamangidwe kake inayo kake. Tsikulo panali ukwati, amayi a Mvano ali mbuu ndi mabulauzi oyera, kwaya ikuyeserera mkati, galimoto zomanga maliboni zili ndandanda panja, ndiye mlendo wanga anajambula mpaka foni kutentha. Ndinamufotokozera kuti mzindawu unayambira pamalo pomwe waimapo, mu 1876, Henry Henderson atafika ndi womasulira wake Tom Bokwito n'kupatsidwa malo m'dera la mfumu Kapeni, ndipo dzina loti Blantyre analitenga ku kamudzi ka ku Scotland kumene David Livingstone anabadwira. Iye n'kuti "ah, kansi HHI ni dzina ya muntu?" Ndinati eya bwana, sukulu ya pa Mishoni pomwepayi ndi Henry Henderson Institute, dzina la Henderson yemweyo.

Zimenezi inenso sindinaziphunzire ku sukulu kuti ndizikumbukire, ndinachita kuzitola pang'onopang'ono, pena kwa akulu a mpingo ndikamadikira kasitomala, pena kwa alendo eniakewo amene amabwera atawerenga kale n'kumandifunsa mafunso ine n'kumangoti kukamwa yasa. Manyazi ndi amene anandiphunzitsa. Mzungu wina wachikulire anandifunsapo kuti Mandala House ili kuti ine n'kukamusiya pa shopu ya magalimoto, mpaka lero ndikakumbuka ndimadziseka ndekha.

Ku Mandala House komweko ndi kumene tinapita kachiwiri. Nyumba imeneyi ndi ya 1882, ndi yakale kuposa tchalitchi chija, anamanga a African Lakes, kampani ya ku Glasgow imene ankayendetsa pachibale awiri John ndi Frederick Moir. Dzina loti Mandala linabwera chifukwa cha magalasi a m'maso amene John Moir ankavala, anthu ankaona akunyezimira n'kumutcha Mandala, dzina n'kukakamira kampani, n'kukakamira dera lonse mpaka lero. Ndi nyumba yosanja ya khonde lozungulira, matabwa ake ukamaponda amalira, pansi pali zojambulajambula ndi malo omwera khofi, m'mwamba muli laibulale ya Society of Malawi yokhala ndi mabuku ndi zithunzi zakale za dziko lino. Koma chimene chinamugwira mtima bambo uja si khofi, ndi pamene ndinamuuza kuti mu January 1915 anthu a John Chilembwe anayenda usiku kuchokera ku Mbombwe ku Chiradzulu kudzathyola nkhokwe ya mfuti ya Mandala, anangopezako zochepa alonda atakuwa, ndiye ndinatulutsa K2000 m'thumba n'kumuonetsa nkhope kuti munthu wake ndi uyu. Anatenga ndalama ija n'kuiyang'ana nthawi yaitali, masiku atatu onse ankangoigwiritsa ntchito osadziwa kuti wanyamula ndani. Sanandibwezere, koma anaiwerengera pa malipiro kkkk.

Pobwerera m'tauni ndinadutsa naye pa Ryalls, sitinalowe, ndinangoimika kutsogolo n'kumuuza kuti pamsewu pomwepa mu January 1960 anthu anasonkhana ndi zikwangwani pamene nduna yaikulu ya Britain Harold Macmillan inabwera, ankafuna kuti Kamuzu atulutsidwe, nthawi imeneyo n'kuti ali mu ndende ku Gweru kuyambira March 1959. Apolisi analimbana nawo pomwepo atolankhani a ku London akuona, nkhani inamveka kutali, patangopita milungu yochepa pa 1 April 1960 Kamuzu anatuluka. Ndiye taganizani, mlendo akhoza kugona m'misewu imeneyi sabata yathunthu, kudya, kusamba, kulipira madola ake n'kumapita osamva kuti pakhomo pomwe amakwerera takisi panachitika zotere. Kachikwangwani kakang'ono chabe kofotokoza kangadye ndalama zingati?

Ku Chichiri tinalowa mu myuziyamu. Apa ndiye ndiulule tchimo langa, ndinalowamo koyamba ndili sitandade 6 pa ulendo wa sukulu, kachiwiri ndinalowamo ndili ndi ana atatu kale, ndipo ndikudziwa anthu obadwira mu Ndirande momwemu, imvi zili mbuu, amene sanapondemo phazi koma pa sitediyamu pafupi pomwepo sajomba. Panja pali sitima yakale ya malasha ndi zimakina zina zakale zoti ana amakonda kukwerapo, mkati muli zida za makolo, za nthawi ya ukapolo, za amishoni, ndalama zakale, ndi chimwala chija chinagwa kuchokera kumwamba ku Machinga mu 1981. Bambo wa ku Chipata uja ataona za gule wamkulu anayamba kundiphunzitsa ine, sinanga kwawo ndi kufupi ndi ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi kumene Achewa a maiko atatu amakasonkhana pa Kulamba mwezi wa August, ndiye tinatsutsana za mayina a zilombo mpaka wogwira ntchito mmenemo anabwera kudzatiweruza. Titatuluka ndinamuonetsa chipilala cha ufulu pa msewu wa Chipembere ndi Kamuzu Stadium, kumene mbendera ya Britain inatsitsidwa n'kukweza yathu pa 6 July 1964, kale ankati Rangeley Stadium.

Nkhomaliro sitinadye ya mu hotela. Anati akufuna nsima yeniyeni osati ija amaumba ngati sopo, ndinapita naye pamalo ena ku Limbe, chambo chootcha, nkhwani wotendera, tsabola wa kambuzi pambali, anadya thukuta lili kamukamu. Limbe nayo ili ndi nkhani zake, tauni ya njanji ndi fodya imene inali payokha mpaka anaiphatikiza ndi Blantyre mu 1956, ndipo akanabwera nyengo ya msika wa fodya ndikanayesa kumulowetsa ku okushoni akaone mabelo ali ndandanda ndi kununkhira kuja kumene kumakugwira pakhosi. Ku Bangwe kuli fakitale ya bungwe loona za aulumali lija tinkati MACOHA kumene anzathu aulumali amaluka makapeti ndi zina zokongola zoti mlendo akhoza kugula n'kupita nazo kwawo. Ku Makata kuli fakitale ya mowa imene inatsegulidwa mu 1968, yoyamba ya Carlsberg kunja kwa Denmark, anthu a ku Ulaya ukawauza zimenezi amadabwa kwambiri. Zonsezi zili mu mzinda umodzi womwewu umene mwana wa pa desiki akuti mulibe choona.

Mpaka apa zinali bwino ndipo ndinkadzimva kuti ndine munthu. Mavuto anayamba dzuwa litapendeka. Tili pa msewu wobwerera anandifunsa kuti "manje usiku tiyenda kuti, kuli sewelo kapena vina vake?" Akuti iye anakulira pa Izeki ndi Jakobo, ku Chipata ankawaonera pa matepi ndi ma CD odutsa pa Mwami, ndiye ankaganiza kuti akafika ku Blantyre kwawo kwa zisudzo angofunsa kuti lero kuli sewero lanji n'kugula tiketi. Ine ndinangoti zii. Ndinaimbira mnzanga wina amene amazitsata, anati mwina kumapeto a mwezi. Ndinayang'ana pa Facebook, ndinapeza maposita a masewero oti anachitika kale miyezi iwiri yapitayo. Tinafunsa pa risepishoni paja, anatiuza kuti kuli bandi ku bala. Mapeto ake ndinapita naye pa Kamba kukadya kanyenya, anasangalala inde, koma si zimene anapempha, mowa ndi nyama yootcha ku Lusaka ziliko zambiri kuposa kuno.

Akonzi, inu ndi ena a msinkhu wanga mukukumbuka mmene Lamulungu masana linkakhalira pa French Cultural Centre. Tinkachoka ku tchalitchi, kudya mothamanga, kuyenda wapansi kuchokera ku Chitawira kapena ku Naperi kuti tikapeze malo, ukachedwa umaonera chiimirire kumbuyo. Du Chisiza Jr ndi Wakhumbata yake akamabwera ndi sewero latsopano tauni yonse inkadziwa, zawo zinali za Chingerezi koma olo ife a Chingerezi chothyokathyoka tinkapita, timve nawo mmene akuwalasira akuluakulu mophiphiritsa. A Kwathu akabwera ndiye kunali kuseka mpaka nthiti kuwawa, Chichewa chake chokoma, nkhani zake za m'makomo mwathu momwemu, apongozi, chuma cha masiye, mwamuna wothawa banja. Gertrude Kamkwatira naye anagwira siteji mwamphamvu. Du anatisiya mu 1999, Gertrude mu 2006, John Nyanga amene tinkamuti Izeki mu 2016, Eric Mabedi, Jakobo wathu, mu 2021. Malo aja a French anatsekedwa mu 2011 n'kuonongedwa ndi anthu akuba, boma linawatenga n'kuwatcha Blantyre Cultural Centre, koma chizolowezi chija choti Lamulungu lililonse kuli chinachake chinaduka, ndipo chizolowezi chikaduka kuchilumikiza n'kovuta kuposa kukonza denga.

Sindikunena kuti zisudzo zinafa ayi, amene anganene choncho sakuyenda. Achinyamata aluso alipo ambiri, ana a sekondale amapikisanabe, pa Jacaranda Cultural Centre pamachitika zinthu, Blantyre Arts Festival imabwera, alakatuli ndi anthabwala akudzaza maholo. Vuto ndi loti zonsezi zimadziwika kwa okhawo ali m'magulu a WhatsApp a eniakewo. Mlendo amene wafika Lachitatu alibe nambala ya munthu, sali mu gulu lililonse, iye amadziwa desiki ya hotela ndi dalaivala wake basi, awiri amenewa akakhala kuti sakudziwa ndiye kuti kwa iyeyo mzinda wonse wagona. Ndi mmene anthu amapitira kwawo n'kumakanena kuti ku Blantyre ikangokwana 7 koloko kulibe chochitika.

Ku Joni ndinaona zosiyana, ndipo musati ndikutamanda kwa eni, mavuto awo ndikuwadziwa bwino, ndinagonapo m'chipinda mantha ali tho nthawi ya zipolowe zothamangitsa obwera, komanso kuli misewu yoti foni sutulutsa. Koma pa nkhani ya mlendo anthu aja anachenjera. Pa risepishoni ya hotela imene ndinkagwira panali kashelefu kodzaza timapepala, aka ka basi yofiira, aka ka ku Soweto, aka ka masewero a mwezi umenewo, ndipo ife ngakhale operekera zakudya ankatiuza kuti mlendo akakufunsa usayankhe kuti kaya, umutengere kwa munthu amene akudziwa. Basi yofiira ija ya City Sightseeing, yosanja yopanda denga, umagula tiketi imodzi tsiku lonse, umatsika pamene wafuna n'kukweranso ina ikamadutsa, m'makutu uli ndi timawaya tikukufotokozera m'chilankhulo chimene wasankha. Imadutsa ku Constitution Hill, ndende yakale imene Gandhi ndi Mandela anatsekeredwamo, imafika ku Apartheid Museum, kuchokera cha kumeneko timabasi ting'onoting'ono timakutengera ku Soweto, ku Vilakazi Street kumene kuli nyumba ya Mandela ndi ya Desmond Tutu msewu umodzi, ndi pa chikumbutso cha Hector Pieterson wa pa 16 June 1976. Ndinakwerapo kamodzi tsiku la ofu ndi ndalama yanga, ndinkafuna ndione chimene azungu amalipirira. Ukayang'anitsitsa nyumba ya Mandela ija ndi kanyumba wamba ka njerwa zofiira konga ta ku Chitawira kapena ku Kanjedza, chimene akugulitsa ndi nkhani yake. Ndipo msewu wonse uja anthu akudya nawo, ogulitsa zakudya, ovina, ogulitsa mikanda, anyamata olondera galimoto.

Market Theatre ku Newtown nayo inali msika wa zipatso, anthu n'kuusandutsa malo a zisudzo mu 1976 nthawi ya tsankho ili pachimake, mpaka lero ukalowa umaona kuti unali msika. Sanadikire kuti wina awamangire chinyumba cha magalasi. Chimene chinandikhudza ine n'choti pulogalamu yawo imadziwika miyezi isanafike, munthu uli ku Durban kapena ku London ukhoza kudziwa kuti tsiku lakuti kuli sewero lakuti nthawi yakuti, n'kugula tiketi usananyamuke.

Ndiye wina anena kuti aaa iwe ukufanizira Blantyre ndi Joni, ndalama zake zili kuti. Inetu sindikupempha basi yosanja, misewu yathu ndi mawaya a magetsi olendewerawa ikhoza kubwerako yopanda mutu. Kosita imodzi yokha yoyera bwino, yonyamuka Loweruka lililonse 9 koloko, kudutsa m'mahotela atatu anayi kutola anthu, Mishoni, Mandala, Victoria Avenue pa ziboliboli, Chichiri, Limbe, nkhomaliro, n'kubwerera, mkati muli mnyamata kapena mtsikana wodziwa kulongosola. Ana amene anaphunzira za alendo ku Mzuzu University ndi ku Malawi Institute of Tourism ali phwamwamwa m'makomomu akugulitsa ma yuniti, ntchito imeneyi angaikane? Chofunika n'choti inyamuke nthawi yake ngakhale mutakwera anthu atatu, osati zathu zija zodikira idzaze ngati minibasi ya ku Bangwe, chifukwa mlendo ukamunamiza kamodzi amakalemba pa intaneti dziko lonse n'kuwerenga.

Eni mahotela nawo, pepani ndikulankhulani monga munthu amene amakubweretserani makasitomala. Mahotela athu ambiri anazolowera ndalama ya mawokishopu, ya mabungwe ndi ya boma, anthu abwere, akhale mu holo, amwe tiyi wa 10 koloko ndi samusa, asaine alawansi azipita. Ndalama imeneyo ndi yokoma chifukwa siivuta, koma yakupangitsani ulesi, simukuonanso chifukwa chomusangalatsira munthu kuti awonjezere usiku wina. Bambo wa ku Chipata uja akanapanda kukakamizidwa ndi ndege akanathawa Lachisanu lomwelo. Chonsecho maholo anu omwewo Lamulungu masana amangokhala, mipando itasanjikizidwa pakona, jenereta ilipo, zimbudzi zabwino zilipo, malo oimika galimoto alipo, zinthu zimene a zisudzo amazisowa. Bwanji osawapatsa gulu limodzi Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse, iwo atenge za pakhomo inu mugulitse zakumwa ndi chipisi? Oimba mumawapatsa kale malo, a zisudzo analakwa chani? Ndipo pepala limodzi lokha pa desiki, lolembedwa kuti sabata ino m'tauni muli izi ndi izi, malo akuti, nthawi yakuti, mtengo wakuti, mwana wa pa risepishoni azilisintha Lolemba lililonse, limenelo silifuna ngongole ya ku banki.

Mitengo nayo muiganizire. Sikuti mlendo ndi mzungu yekha, amene ndimanyamula ine ambiri ndi a ku Lilongwe, a ku Mzuzu, a ku Tete, a ku Zambia ndi ku Zimbabwe, ena ndi a Malawi anzathu ochokera ku Joni ndi ku UK amene abwera ndi ana awo obadwira kunja oti akufuna awaonetse kwawo. Banja la ku Area 25 likabwera ku ukwati ku Blantyre limagona kwa achibale pabalaza, osati chifukwa chokonda mkeka koma chipinda cha mu hotela chikufanana ndi lendi ya mwezi. Loweruka ndi Lamulungu zipinda zambiri zimagona zopanda anthu ma wokishopu akatha, nanga kutsitsako masiku awiri amenewo kuti a konkuno alowemo kungakuphetseni?

Ife a takisi tisadziyeretse, tili ndi zathu. Tikangoona khungu loyera kapena munthu wolankhula Chinyanja cha ku Lusaka mtengo umakwera kawiri pomwepo, ena mpaka kumuzungulitsa munthu njira yaitali dala, kuchoka pa Ginnery Corner kupita ku Mount Pleasant ngati ukupita ku Lunzu. Amadziwatu anthu aja, amangokhala chete koma sakuimbiranso. Ndipo ambiri mwa ife ukatifunsa kuti phiri ilo ndi lanji timangoti ndi phiri, osasiyanitsa Soche, Ndirande, Michiru ndi Mpingwe. Akuluakulu oona za alendo atatiitana madalaivala a takisi ndi a kabaza masiku awiri okha n'kutiphunzitsa mbiri ya mzinda uno, n'kutipatsa kakhadi kosonyeza kuti uyu waphunzira, ine ndikhoza kukhala woyamba pa mzere, olo popanda alawansi, ndanena ndine.

Za mapiri ndatchulazi zikundikumbutsa Lamulungu lake. M'mawa ndinapita naye ku Michiru, kufupi ndi kwathu, tinakwera njira ya mtanda imene akhristu amakwera popemphera, pamwamba mzinda wonse uli poonekera, Ndirande uyo, Soche uyo ndi zipsera za madzi a Freddy a mu March 2023 zikuonekabe m'mbali mwake. Anafunsa kuti mitengo ya pa phiri la Ndirande inapita kuti, ndinamuuza kuti inapita m'mbaula zathu, ndipo Michiru naye akutsatira, potsika tinakumana ndi anyamata atatu atasenza matumba a makala akutsetsereka mothamanga, anatipatsa moni mwaulemu ndithu. Pamenepo sindinalankhule zambiri chifukwa kunyumba kwanganso magetsi akazima timaphikira makala omwewo.

Masana ake tinalowa mu sitediyamu, mwamwayi kunali mpira, osati wa Maule ndi Manoma koma anthu analipo ndithu, anagula mbendera ya timu yoti sakuidziwa n'kumakuwa nawo. Potuluka anandiuza kuti masiku awiri amenewa ndi amene akakambe kunyumba, za wokishopu waiwala kale. Lolemba ndikumutula ku Chileka anandipatsa ndalama yoposa imene tinapangana, n'kunena kuti abweranso ndi akazi ake ndi ana awiri nthawi ya holide, akufuna akafike ku Mulanje akaone Sapitwa ndi minda ya tiyi ya ku Thyolo, koma masiku awiri oyamba agone mu Blantyre, ndipo mawu ake omaliza anali oti "ba dalaiva, ulendo uno munipezele sewelo."

Ndiye a zisudzo, kaya ndinu a gulu lalikulu kaya ndinu ana a sukulu, amene mukukonza sewero mwezi wa December muno mu Blantyre, lengezani msanga mu nyuzi ino, tsiku, malo ndi nthawi yeniyeni yoyambira, osati 1 koloko ya pa posita sewero n'kuyamba 4. Ine ndibwera ndi anthu anayi a ku Zambia, ndi ine wachisanu, mayi a kunyumba akuti nawonso sakutsala.

Dalaivala wa takisi,
Chilomoni, Blantyre